Safunsa Adadya Phula, Nanga Wofunsa Adadya Chiyani?

Mwambiwu ambiri tidaumva koyamba titaweramitsa mutu, titaononga kanthu kamene tikadangofunsa. Safunsa adadya phula. Chithunzi chake n'chapafupi: njuchi zafulidwa, malesa ali m'beseni, mlendo wafika. Sadziwa kuti chisa amachita kutafuna, uchi n'kumeza, zotsala n'kulavula. Kufunsa akuona ngati kudzitsitsa, ndiye wameza zonse. Anthu aseka, iye wagwira njakata, nkhani yathera pomwepo. Mlandu wonse mwambi wausenzetsa iye. Za amene adakhala naye pamphasa, akumuona akumeza koma osatsegula pakamwa, mwambi sutchula.

Ndikufuna kuuyesa mwambiwu pa chinthu chimene makolo athu sadachilotepo: ampulifaya ya gitala ya mavalavu, yolumikiza wekha pakhonde pako. Tiyerekeze mnyamata wa pa Namitete, woyimba gitala m'kwaya, amene wamva pa foni kulira kwa kabokosi kotchedwa Fender Champ, mtima n'kumuuza kuti apange kake. Kabokosiko kadayamba kugulitsidwa mu 1948 kuchokera ku Fullerton, ku California, ndipo mtundu wake umene anthu amakopera kwambiri lero, wa nambala 5F1, ndi wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. M'kati mwake mulibe zambiri. Mavalavu ndi atatu: 12AX7 yokuza kamawu kochokera ku gitala, 6V6 yokankha sipika, ndi 5Y3 yowongola magetsi. Pali mathiransifoma awiri, marezisita ndi makapasita oti ungawerenge osatopa, sipika imodzi ya mainchi 8, kopotokola kamodzi, mphamvu ya mawati 5 basi. Adakapangira ophunzira, koma Eric Clapton adajambulira chimbale cha Layla mu 1970, ndipo mpaka lero akatswiri amakasaka. Bokosi la matabwa si nkhani. Pa Namitete akalipentala sasowa, ndipo sukulu ya ntchito zamanja ili pomwepo. Nkhani ili m'kati.

Mnyamata wathu adaleredwa bwino, ndiye wapita kukafunsa. Wokonza mawailesi pamsika wamuyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, zimenezo zidatha kalekale. Kwera minibasi, ukagule ampu ya ku China ku Lilongwe, yolumikiza ku batire." Yankho limeneli n'loona, ndipo masamu akuvomereza. Mavalavu atatu aja amadya mawati pafupifupi 15 pongodziwotha, asanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Batire la mavoliti 12 silikwanira; pafunika magetsi a ESCOM, amene midzi yambiri ya kwa Kabudula ndi ku Nsaru sinawaone, ndipo kumene adafika amathimathima. Ukalumikiza ku inveta yotsika mtengo, phokoso lake limamvekera m'sipika. Mavalavu enieniwo amapangidwa m'mafakitale owerengeka, ku Slovakia, ku Russia ndi ku China. Adakwera mtengo mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itabuka, ndipo kwathu kuno Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wofunsa wayankhidwa mwanzeru, ndipo akamvera sadzapanga kanthu. Apa mwambi wayamba kale kutsimphina. Umati funsa kuti usalakwitse, osachenjeza kuti yankho lanzeru limatha kukulanda ntchito yonse m'manja.

Chimene mnyamatayu akufuna, wokonza mawailesi sangachione pa mita yake. M'galasi lopanda mpweya muli kachitsulo kamene kakatentha kamataya maelekitironi, ndipo kambale kokhala ndi mavoliti ochuluka kamawakoka. Pakati pa ziwirizi pali kasefa ka waya wopyapyala. Kamagetsi kochepetsetsa kochokera ku nsambo za gitala kakafika pa kasefako, kamakulitsa kapena kuchepetsa njira, monga mlimi wa kudimba amalamulira madzi a ngalande yonse ndi kakhasu kamodzi. John Ambrose Fleming adapanga valavu yoyamba mu 1904, Lee de Forest n'kuwonjezera kasefako mu 1906. Kwa woyimba, kukoma kwa valavu kuli pa katopedwe kake. Ukakodola nsambo pang'ono, mawu amatuluka oyera. Ukamenya mwamphamvu saduka mwadzidzidzi. Amayamba kusasa pang'onopang'ono n'kunenepa, ndipo zala ndizo zimalamula malirewo. Ampu ya mawati 5 imafika pamenepo pa phokoso loti chipinda kapena katchalitchi ka kumudzi kangapirire. Munthu amene khutu lake lamvapo zimenezi, kumuuza za mtengo wa batire n'kuyankha funso limene sanafunse.

Mwambi udabadwira m'mudzi momwe wodziwa amakhala khomo loyandikana nalo. Kufula njuchi, kusula khasu, kuumba mbiya: mphunzitsi anali agogo ako kapena amalume ako, ndipo wosafunsa analidi wodzikuza. Nzeru ya mavalavu sidazike mizu yotero kwathu. Mawailesi a Nzeru amene adadzaza midzi m'nthawi ya Kamuzu anali kale a matiranzisita, oyendera mabatire a tochi. Amisiri amene adagwirapo mavalavu, m'mawailesi akuluakulu a ku mishoni ndi obwera ndi matchona ochokera ku Joni ndi ku Halale, ambiri adatisiya, ndipo olowa m'malo mwawo ali kalikiliki ndi mafoni ndi masola. Kusowa kwa wodziwa n'kopiririka. Choopsa n'chakuti kwathu wamkulu akafunsidwa ndi mwana, mawu oti "sindikudziwa" amamulemera pakamwa, ndiye amayankhabe. "Ikamo fyuzi yokulirapo." "Manga ndi waya, isiya kuduka." Mwana naye amati, "Zikomo bambo," n'kupita kukachita. Chikhalirecho fyuzi imaduka kuti thiransifoma isapse, ndipo thiransifoma ndiyo ili m'gulu la zida zodula kwambiri m'bokosi lonse. Uyu wafunsa, wagwada, ndipo phula walilandira ndi manja awiri.

Ndiye amatembenukira ku intaneti, kumene oyankha satopa. Mapu a 5F1 alipo aulere, makanema oonetsa waya uliwonse alipo. Koma oyankha ambiri ali ku America, kumene m'khoma mumatuluka mavoliti 120, osinthasintha ka 60 pa sekondi. Athu ndi 230, ka 50 pa sekondi. Thiransifoma ya ku America ukailowetsa mu soketi ya pa Namitete imafuka utsi, ndipo ngakhale utaitsitsira magetsi kufika pa 120, ka 50 kaja kamaitenthetsa kuposa mmene imatenthera kwawo. Mapu akale amaonetsa pulagi ya mano awiri, yopanda earth, ndi kapasita yolumikiza waya wa magetsi ku chitsulo cha ampu. Amisiri a lero amaichotsa, chifukwa ikafa chitsulo chonse chimakhala ndi moto, mpaka nsambo za gitala zomwe. Palibe amene wanama. Aliyense wayankha ataima pa dothi lakwawo ndi m'chaka chake. Mwambi sudatiphunzitse funso lachiwiri, loti inu mukundiyankhanu muli kuti.

Pena mwambi umafatsa mopitirira. Wodya phula amalavula, mawa n'kudzuka ali wanzeru. Mu ampulifayayi mumayenda mavoliti opitirira 300, ndipo makapasita atatu akuluakulu amatha kusunga motowo ngakhale utazimitsa n'kuzula pulagi. Bokosi lili zii, mavalavu azizira, koma moto ulimo. Ukalowera dzanja limodzi n'kutulukira linzake umadutsa pa mtima. Chipatala cha St Gabriel chili pafupi, ndipo chathandiza anthu a dera lino kuyambira 1959, koma mtima woima sudikira kabaza. N'chifukwa chake amisiri ali ndi malamulo amene sachita kukambirana. Zula pulagi. Tsitsa moto wa makapasita kudzera pa rezisita, kenaka yeza ndi mita uone kuti watsikadi. Poyeza ikuyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba, nsapato kuphazi, osati phazi lapansi pa simenti. Waya wachitatu wa earth umangidwe ndi bawuti pa chitsulo, ndipo utsimikize kuti nyumbayo earth ili nayodi, pakuti soketi ya mabowo atatu si umboni. Les Harvey wa gulu la Stone the Crows adafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yokhala ndi moto. Keith Relf, yemwe adali wa Yardbirds, adafera m'nyumba mwake mu 1976 akuyimba gitala yolumikizidwa ku zida zopanda earth yabwino. Pa zinthu izi Safunsa sapatsidwa mpata wochita manyazi, ndipo pano mwambi ndimauvomereza wonse, n'kuwonjezerapo.

Tinene kuti zida zafika, mawaya awotchereredwa, tsiku loyatsa lakwana. Apa mpamene kufunsa kumasintha nkhope, chifukwa wodziwa chimene chalakwika m'bokosimo salinso munthu. Mmisiri wochenjera sayatsa mwachindunji. Amalumikiza babu lakale la ulusi, la mawati 60 kapena 100, motsatana ndi ampu, kuti magetsi onse adzere m'babumo. Likawala kamodzi n'kuzilala, njira ili bwino. Likangowalabe mwamphamvu, pena pake mawaya akhudzana, ndipo babu lameza moto umene ukadapsereza thiransifoma. Mababu a LED amene adadzaza m'mashopu sagwira ntchito imeneyi, kotero babu lakale lija, limene tidalitaya chifukwa chodya magetsi, liyenera kuchita kusakidwa. Sipika nayo ikhale yolumikizidwa nthawi zonse; ampu ya mavalavu ikakankha mawu popanda sipika imatha kupsereza thiransifoma yake yachiwiri.

Yayaka, timoto ta m'mavalavu tikuoneka, koma ili chete. Wosadziwa amayamba kugwedeza chilichonse. Wodziwa amatenga mita n'kufunsa mwendo umodzi umodzi, kuyambira ku magetsi kubwerera cha ku gitala. Pa kapasita yoyamba pali mavoliti angati? Pa mwendo wa nambala 8 wa 6V6, pamene pali rezisita ya ma ohm 470, payenera kupezeka mavoliti pafupifupi 18 kapena 19. Pakakhala palibe, ndiye kuti valavu siikukoka kanthu. Pa mwendo wa nambala 5 pasapezeke moto wokhazikika. Ukapezeka, kapasita yaing'ono yobweretsa mawu kuchokera ku 12AX7 ikudontha, ndipo posachedwa kambale ka m'valavu kayamba kufiira, chizindikiro choti zimitsa msanga. Makapasita akale a pepala, okutidwa ndi phula lenileni, amene munthu angakopeke kuzula m'wailesi ya agogo kuti asunge ndalama, ndiwo amakonda kudontha chonchi.

Phokoso nalo limayankha kwa wodziwa kumvetsera. Ampu ikamang'ung'uza, tsitsa kopotokola kaja mpaka pansi. Kung'ung'uza kukatha, gwero lili kutsogolo: gitala, chingwe chake, polowera, kapena theka loyamba la 12AX7. Kukapitirira, gwero lili kumbuyo. Kenaka mvetsera kuya kwake, ndipo apa woyimba ali ndi mwayi umene wokonza mafoni alibe. Kung'ung'uza kwa ka 100 pa sekondi kumayandikana kwambiri ndi G wa pa chipinda chachitatu cha nsambo yaikulu ya gitala; kukamveka pamenepo, makapasita akuluakulu sakusefa bwino kapena alumikizidwa pa chitsulo pamalo olakwika. Kukakhala kozama kuposa apo, kwa ka 50, yang'ana mawaya otenthetsera mavalavu, amene amafunika kupotedwa pamodzi ndi kutalikitsidwa ku mawaya onyamula mawu, kapena mathiransifoma awiri oyandikana kwambiri. Ku America phokoso lomweli limagwera pa noti ina, choncho wotsatira khutu la kanema wakumeneko adzasochera. Ikangoyatsidwa n'kuyamba kuliza likhweru loboola m'khutu, kawirikawiri palibe chafa. Champ imabweza gawo laling'ono la mawu kuchokera ku sipika kupita ku 12AX7 kuti lidekhetse ampu. Mawaya awiri a thiransifoma yachiwiri akasinthana, gawo lija m'malo modekhetsa limasonkhezera. Kuwasinthanitsa n'kokwanira. Ikamathetheka mwa apo ndi apo, tenga kamtengo kouma, ugogode mfundo imodzi imodzi mpaka upeze pamene mtovu sudagwire bwino.

M'zonsezi lamulo ndi limodzi, loti funso lizikhala limodzi pa nthawi. Wosintha zinthu zisanu pakamodzi, ampu ikachira sadziwa chimene chaichiza, ikafa sadziwa chimene chaipha. Ndipo onani chimene chachitika ndi mwambi wathu. Umayankhula ngati kufunsa n'kwaulere, ngati chofunika n'kudzichepetsa kokha. Koma "bwana, siikugwira" si funso. Ngakhale katswiri wa ku Johannesburg sangaliyankhe. Funso loyankhika ndi lakuti, "Pa mwendo wa nambala 3 ndapeza zakuti, pa nambala 8 palibe kanthu, babu likuzilala bwino, ndiyang'ane pati?" Kuti munthu afike pofunsa chotero, ayenera kuti adaonongapo marezisita angapo, adapsapo chala ndi chitsulo chowotcherera, adalumikizapo kapasita chozondoka. Funso labwino limagulidwa ndi phula lotafuna kale. Mwambi umaika kufunsa patsogolo, kulakwitsa pambuyo ngati chilango. Pa benchi ya mmisiri ziwirizi zimasinthana malo tsiku lonse.

Palinso anthu amene mwambi ukadawaseka, dziko n'kuwaombera m'manja. Kusasa kwa mawu kumene mnyamata wa pa Namitete akukufuna, mainjiniya a mawailesi ankakuona ngati matenda, ndipo woyimba akadawafunsa akadamuuza kuti atsitse. Mu 1951 ku Memphis, Willie Kizart adajambula nyimbo ya Rocket 88 ndi ampu yoonongeka sipika, ndipo mwini studiyo, Sam Phillips, adakonda kulira kwakeko n'kukusiya momwemo. Mu 1964 Dave Davies wa gulu la Kinks adachita kucheka sipika yake ndi lezala. Jim Marshall, woyimba ng'oma amene adali ndi shopu ku London, mu 1962 adakopera ampu ya Fender yotchedwa Bassman ndi zida zimene zinkapezeka ku Britain. Idatuluka yosafanana ndi mwini wake, ndipo kusafananako kudasanduka dzina.

Kwathu zitsanzo sitichita kufunafuna. Allan Namoko ndi gulu lake la Chimvu River adagwedeza dziko ndi banjo ndi ng'oma zopangidwa kumudzi. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka sadadikire sukulu ya nyimbo. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band adachoka m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ya nsambo imodzi ndi gitala ya nsambo zinayi, adakayimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenaka ku Ulaya. Akadapita kukafunsa katswiri ngati bokosi, chikopa ndi waya mmodzi zingaimire gitala ya besi, yankho tikulidziwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe, asanamange makina ake a mphepo, adayamba ndi kumasula mawailesi kuti aone chimene chimayankhula m'katimo. Komabe sindingawatche Asafunsa anthu amenewa. Chimene sadapemphe ndi chilolezo. Waya adaufunsa, chikopa adachifunsa, khutu lawo adalifunsa usana ndi usiku. Ndipo kuyesa kwa babatoni n'kotsika mtengo: ikakana, wataya thabwa ndi tsiku. Ufulu womwewo sungaunyamule wonse kupita nawo pa mavoliti 300. Munthu ayenera kudziwa mbali ya bokosi imene angasewere nayo, monga kukula kwa kapasita yosintha kamvekedwe kapena mtundu wa sipika, ndi mbali imene saseweretsa. Kusiyanitsa kumeneku mwambi sutha. Umayeza mafunso onse ndi muyeso umodzi.

Leo Fender mwiniwake sankadziwa kuyimba gitala. Adayamba ngati wokonza mawailesi, adatsegula shopu yake mu 1938, ndipo njira zoyamba za maampu ake adazitenga m'mabuku a mavalavu amene makampani monga RCA ankasindikiza kuti aliyense awerenge. Chimene sankachidziwa ankafunsa oyimba: ankawapatsa zida kuti akayesere kumadansi, pobwera amuuze chimene chawanyansa. Koma mbali ya moyo wake imene imandigwira mtima ndi ya kuyankha. Kampani yake inkatulutsa mapu a ampu iliyonse, oonetsa pokhala chida chilichonse ndi mavoliti oyenera kupezeka, ndipo m'kati mwa bokosi ankamata kapepala kosonyeza valavu yolowa pa bowo lililonse. Adamwalira mu 1991, koma mnyamata wa m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji angathe kumufunsa lero n'kuyankhidwa.

Ife pamenepa timaperewera, ndipo mwambi umatibisa. Amisiri athu ambiri amagwira ntchito atatembenuzira msana wophunzira, poopa kuti akadziwa adzatsegula shopu moyandikana. Mantha amenewa ali ndi chifukwa, makasitomala ndi ochepa, koma mapeto ake ndi akuti mmisiri akamwalira nzeru imalowa naye m'manda, ndipo wotsatira amayambanso pachiyambi, anthu n'kumamuseka kuti sadafunse. Akadafunsa yani? Wodziwa amene sanena, ndi wosadziwa amene amanena, onse awiri ali ndi gawo pa phula limene mwana wadya, koma mwambi udapatsa dzina mmodzi yekha.

Choncho mnyamata wa pa Namitete akadzaimaliza ampu yake, gitala n'kulira mmene ankafunira, ntchito idzakhala isanathe. Atenge pepala, alembe m'Chichewa mavoliti amene wapeza pa mwendo uliwonse, magetsi a m'khoma anali angati pa tsikulo, thiransifoma adaigula kuti ndipo ndi ya 230 kapena ayi, fyuzi ndi ya nambala yanji, ndi chimene adasintha pa mapu a ku America. Pamwamba pa zonse alembe ndi zilembo zazikulu kuti makapasita amasunga moto, ndi njira yowatsitsira. Amate pepalalo m'kati mwa bokosi, pamalo oti wotsegula aliyense aliwerenge asanalowetse dzanja, ndipo lina akalisiye kwa wokonza mawailesi uja pamsika.